MLENDO NDI MAME: AKACOKA KUMALAMBO KUNKA KUCISUMBU, ATISIYIRA CIANI?

Caka ndi caka, mvula ikatha ndipo misewu ya m'nkhalango ikauma, ndeke zimayamba kutera kawirikawiri pa bwalo la Mfuwe zitanyamula alendo ocokera ku Ulaya, ku America ndi maiko ena akutali. Anthu a kwa Kakumbi ndi a kwa Mnkhanya amawaona alikupita m'magalimoto opanda mazenera, zipewa kumutu, makamera m'manja. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti kwa alendo ena, Cigwa ca Luangwa ndi theka cabe la ulendo wao. Akagona masiku anai kapena asanu akuona nyama, amakweranso ndeke kukatsiriza chuthi cao pa cisumbu, kumene akapumula pamcenga ndi kusambira m'madzi oyera.

Ulendo wotere, wa thengo ndi cisumbu pamodzi, ndiwo umene makampani a maulendo a kunja amautsatsa kwambiri. Funso limene tifuna kuliyankha lero ndi ili: pa ndalama zonse zimene mlendo amalipira, zotsala kumudzi kumene njobvu zimadyera cimanga ndi zingati? Nanga mlimi wamba angacitenji kuti gawo lake likule?

ULENDOWO UMAYENDA MOTANI

Mau akuti safari, amene mumawaona atalembedwa pa magalimoto, ndi a ciSwahili, ndipo tanthauzo lake ndi ulendo. Mlendo amagula ulendo wonse kamodzi ali kwao, miyezi yambiri asananyamuke. M'mtengo umodziwo muli ndeke, malo ogona, cakudya, msonkho wolowera m'nkhalango ndi malipiro a amene adzamtsogolera. Akafika kuno, m'thumba mwake mumakhala ndalama zocepa cabe zogulira timphatso ndi zothokozera anchito.

Tsiku lake m'nkhalango limayamba mbandakuca. Amamwa tiyi, natuluka pa galimoto kapena wapansi dzuwa lisanatenthe. Pa ulendo wapansi anthu amayenda mondondozana, kawirikawiri osapitirira asanu ndi mmodzi. Patsogolo pamakhala mlonda wa boma wonyamula mfuti, amene kumudzi timati wa gemu, ndipo pambuyo pake pamabwera wotsogolera alendo. Iyeyu ndiye amawerenga mapazi a nyama pafumbi, nafotokoza kuti apa panapita mkango usiku, apo kambuku anakokera nyama yake mumtengo. Masana alendo amapumula, ndipo madzulo amatulukanso ndi nyali yaikulu kukafuna nyama zoyenda usiku.

Moyo wotere umatopetsa munthu wosazolowera. Kudzuka usiku, fumbi, kutentha kwa mwezi wa October ndi kugwedezeka kwa galimoto zimamlemetsa thupi. Ici ndico cifukwa cake ogulitsa maulendo amaika nkhalango poyamba ndi cisumbu pomariza, kuti munthu abwerere kwao atapumula. Ambiri ogula ulendo wotere ndi okwatirana catsopano ndi acikulire amene anasunga ndalama zaka zambiri.

CIMENE CIMAWAKOKA KUNO

Nkhalango ya South Luangwa ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050. Inayamba kusungidwa mu 1938, ndipo inakhala National Park mu 1972. Muli njobvu, njati, mikango, akambuku ambiri, ndi mvuu zodzaza mtsinje. Mulinso mtundu wa nyamalikiti wochedwa Thornicroft umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa cimeneci. Mlendo angapeze mcenga ndi madzi m'maiko ambiri, koma nyamalikiti ameneyu adzamuona kuMalambo kokha.

Tiyenera kukumbukira kuti malonda amenewa anayamba ndi cilolezo ca mfumu. Mu 1950 Norman Carr, amene poyamba anali wa gemu wolimbana ndi njobvu zoononga minda, anapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti gawo la dziko lake lipatulidwe likhale losungiramo nyama. Pamenepo panamangidwa msasa woyamba wolandira alendo oona nyama, ndipo ndalama zimene alendo analipira zinapita ku thumba la Akunda. Pambuyo pake Carr anachukitsa maulendo oona nyama wapansi, amene lero amabweretsa anthu ocokera kutali. Motero pa ciyambi penipeni pangano linali lakuti eni dziko apindule.

ZISUMBU ZIMENE AMAPITAKO

Dziko la Zambia liribe nyanja yamcere, motero theka laciwiri la ulendo limagwera anansi athu. Cisumbu capafupi ndi Likoma, pa Nyanja ya Malawi. Mlendo wocoka ku Mfuwe m'mawa, nadzera ku Lilongwe, angafike ku Likoma tsiku lomwelo. Cisumbuci ndi ca Malawi ngakhale cazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo ncacing'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18. Pali kacisi wamkuru wa St Peter amene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Anthu ake ndi asodzi olankhula cinenero cathu comwe cino, pakuti dzina lakuti ciNyanja linacokera ku nyanja imeneyo. Eni ake amayenda pa sitima ya Ilala, imene inayamba nchito mu 1951, pamene alendo olemera amatera ndi ndeke.

Ena amapita kumwera kwa nyanjayo, ku Cape Maclear ndi tizisumbu ta Mumbo ndi Domwe, kukaona tinsomba ta mawanga tochedwa mbuna. Derali linakhala National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse. Enanso amasankha zisumbu za Bazaruto ku Mozambique.

Koma cisumbu cochuka koposa ndi Zanzibar, ku Tanzania, pa Nyanja ya India. Mu 2024 cinalandira alendo a kunja oposa 700,000. Kumeneko amaona mzinda wakale wa Stone Town, minda ya zonunkhiritsa zakudya, ndi magombe a mcenga woyera ngati ufa.

NJIRA YAKALE YA MINYANGA

Njira imeneyi, yocoka ku Luangwa kupita ku nyanja ndi ku Zanzibar, si yatsopano. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a Abiza, Ayao ndi Aluya ankasenzetsa anthu minyanga ya njobvu kucokera m'cigwa cino. Ena ankaolokera pa Nkhotakota m'zombo za matanga, nayenda pansi mpaka ku Kilwa, ndipo kucokera kumeneko katundu ankafika ku Zanzibar. Osenza minyangawo nthawi zambiri ankagulitsidwa iwo eni monga akapolo. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pake panamangidwa kacisi amene alendo amakamuona lero.

M'masiku amenewo cuma ca m'cigwa cinkacoka osabwerera. Njobvu inkafa kamodzi, ndipo phindu lake linkamanga nyumba za miyala kutsidya la nyanja. Malonda a lero ali ndi ubwino umodzi waukuru: mlendo amalipira kuti aone njobvu yamoyo, naisiya pomwepo kuti mnzake adzalipirenso mawa. Koma ubwino umenewu sutanthauza kuti ndalama zimatsala zokha. Ngati eni dziko sapenya, phindu lingatsate njira yakale ija ngakhale njobvu ikhale yamoyo.

NDALAMA ZIMAGAWIKA BWANJI

Misasa yapamwamba ya m'nkhalango imalipiritsa madola mazana angapo pa munthu usiku umodzi, ndipo ina imapitirira $1,000. Mlimi akamva mtengo umenewu amayesa kuti ndalama zonse zimagwera ku Mfuwe. Sizitero ai. Tiyeni tiyerekeze ulendo wa masiku khumi, asanu m'nkhalango ndi asanu pa cisumbu.

Gawo loyamba limatsala kunja. Kampani imene inagulitsa ulendo ku London kapena ku New York imacotsapo lake, ndipo ndeke yaikulu yoolotsa mlendo nyanja si yathu. Gawo laciwiri limapita ku cisumbu, ku hotela ya ku Likoma kapena ya ku Zanzibar, pamodzi ndi misonkho ya kumeneko. Mwacitsanzo, kuyambira mu October 2024 boma la Zanzibar linalamula kuti mlendo aliyense wa kunja agule inshuwalansi ya $44 pofika. Gawo lacitatu ndilo limalowa m'Zambia, ndipo nalonso limagawika.

Pa gawo lathuli, zina zimapita ku boma. Msonkho wolowera m'nkhalango, umene kwa zaka zambiri unali $25 pa tsiku kwa mlendo wa kutali, umalowa m'thumba la boma. Palinso msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti umene unayamba mu 2017. Zina zimagula mafuta a galimoto, zitsulo, zakumwa ndi zakudya za m'zitini zocokera ku Lusaka kapena ku South Africa. Zimene zimafika m'midzi ndi malipiro a anchito, mtengo wa ndiwo ndi zinthu zina zogulidwa pafupi, ndi zopereka za misasa ku masukulu ndi zipatala.

Gawo la m'midzili si laling'ono monga ena amanenera. Kafukufuku wa World Bank wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi a msinkhu wogwira nchito ozungulira South Luangwa amadalira malonda a alendo, ena molunjika, ena cifukwa anchito a m'misasa amagula kwa iwo. Wophika wa pamsasa akalandira malipiro amagula njerwa, amalemba waganyu, amasoketsa yunifomu ya mwana. Mu 2009 misasa ingapo inayambitsa thumba la Luangwa Conservation and Community Fund, limene limatenga kangacepe pa usiku uliwonse umene mlendo wagona, nkugawa pakati pa nchito yosunga nyama ndi citukuko ca m'midzi.

Apa ndipo paonekera kufunika kwa masiku. Malipiro, ndiwo, msonkho ndi zopereka, zonse zimawerengedwa pa usiku umene mlendo wagona. Usiku umodzi umene wacotsedwa ku nkhalango nkuonjezedwa ku cisumbu ndi ndalama zimene zacoka m'Boma la Mambwe. Komabe cisumbu si mdani wathu. Alipo ambiri amene sakadaoloka nyanja cifukwa ca nyama zokha; cimene cinawakopa ndi zinthu ziwirizo pamodzi. Nchito yathu ndi kupatsa mlendo cifukwa cogonera usiku wina kuno asananyamuke.

AMENE AMASENZA KATUNDU

Walira mvula walira matope. Nyama zimene mlendo amazijambula masana sizidziwa malire a nkhalango. Mtsinje ukaphwa, njobvu zimaoloka kulowa m'minda ndi m'nkhokwe za anthu a mafumu a Akunda: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Mvuu zimadya mpunga, ng'ona zimagwira asodzi ndi amai otunga madzi. Mu July 2025 njobvu inapha alendo awiri acikazi pa ulendo wapansi m'South Luangwa, ndipo mbiri inamveka m'maiko onse. Ngozi yomweyo anthu a m'cigwa amakhala nayo usiku uliwonse wa nyengo ya masika, pamene acezera m'minda ndi moto ndi zitini. Lamulo la nyama la 2015 silinaikemo cipepeso ca munthu amene munda wake wadyedwa.

Palinso mfundo ina imene ambiri saidziwa. M'Zambia muli National Park 20 ndi madera 36 ochedwa Game Management Area, kumene anthu ndi nyama amakhala pamodzi. Lupande ndi limodzi la maderawa. Lamulo la 1998 linakhazikitsa makomiti ochedwa Community Resources Board, osankhidwa ndi anthu a m'midzi. Dongosolo limene linaikidwa nthawi ya bungwe la ZAWA linali lakuti theka la ndalama za ziphaso za uzimba libwerere ku dera: magawo 45 pa 100 ku komiti, ndi 5 kwa mfumu. Koma dongosololi linamangidwa pa ndalama za alenje olipira. Mlendo wa kamera, amene timanena m'nkhani ino, amalipira msonkho wake pa cipata ca nkhalango, ndipo msonkhowo sugawidwa motero. Nkhani imeneyi makomiti ndi mafumu ayenera kupitiriza kuikamba ndi boma, pakuti alendo a kamera ndiwo ocuruka.

Nchito ya m'misasa nayonso ili ndi nyengo. Misasa ya mkati mwa thengo imatsegulidwa mvula ikatha, nitsekedwa ca m'November madzi asanadule misewu. Anchito ambiri amakhala miyezi ya dzinja opanda malipiro, pamene mahotela a ku Zanzibar amalandira alendo pafupifupi caka conse. Ndipo malondawa amatha mwadzidzidzi. Mu 2020, cifukwa ca mliri wa Covid-19, alendo olowa m'Zambia anacepa kuposa theka, misasa inatsekedwa, ndipo mabanja amene anasiya khasu anabvutika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munda sutayidwa cifukwa ca nchito ya pamsasa.

PHUNZIRO LA CIPEMBERE

Ena angati, ngati nyama zitibvuta cotere, bwanji osazipha? Yankho lili m'mbiri yathu. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Cigwa ca Luangwa cinali ndi njobvu pafupifupi 100,000 ndi zipembere zikwi zingapo. Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1980 opha nyama mozemba anali atatha njobvu zoposa theka. Zipembere zinatheratu, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda kulibenso m'Zambia. Kuti cibwerere, panafunika kutenga zina ku South Africa pa ndeke mu 2003 ndi kuziika m'North Luangwa. Midzi imene ana ake anasenza nyanga zija sinalemere nazo. Analemera ndi amalonda a kutali, monga m'masiku a Aluya.

Lero mlendo wofuna kuona cipembere amadutsa South Luangwa napita kwina. Comweconso, mikango ndi akambuku zikatha m'misampha ya waya, makampani a kunja adzangosintha dzina pa pepala. Zanzibar adzakhalabe pa ulendowo, koma m'malo mwa Luangwa adzalemba Serengeti kapena Selous wakale, amene tsopano gawo lake lalikuru lichedwa Nyerere. Nkhalango zimenezo zili pafupi ndi cisumbu kuposa ife.

COCITA CILIPO

Boma lacita mbali yake ina. Mu 2022 linacotsa msonkho wa viza kwa alendo a maiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu January 2025 linaonjezapo maiko ena 53. Unduna wa zokopa alendo unanena kuti mu 2024 m'dziko munalowa alendo oposa mamiliyoni awiri, ngakhale ambiri a iwo ndi a malonda ndi odutsa. Mseu wa Chipata kupita ku Mfuwe unaikidwa phula, ndipo cipata ca Mwami ndi Mchinji cinasanduka ca malo amodzi, motero wapagalimoto angathe kuona nyama ndi kukafika ku Nyanja ya Malawi mosabvuta. Cotsala ndi kukonza magombe athu. Ku Nsumbu ndi ku Mpulungu pa Nyanja ya Tanganyika, ku Samfya pa Bangweulu, ndi ku Siavonga pa Kariba kuli madzi ndi mcenga. Misewu, mabwalo a ndeke ndi malo ogona zikakhala bwino, theka laciwiri la ulendo lingatsale m'dziko muno.

Koma zina zili m'manja mwa anthu a kumudzi. Coyamba ndi cakudya. Msasa umafuna tomato, anyezi, mazira, nkhuku ndi zipatso sabata iliyonse mosalekeza. Mlimi mmodzi sangathe, ndipo akalephera kamodzi wophika amaitanitsa ku Chipata kapena ku Lusaka. Alimi khumi a madimba ogwirizana, obzala mosinthana masiku, angasunge pangano. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, laonetsa kale kuti mpunga, nsawawa ndi uci wa m'cigwa zingalowe m'masitolo a m'mizinda, ndipo ambiri amene anali opha nyama anapereka mfuti ndi misampha yao nayamba kulima.

Caciwiri ndi maphunziro. Wotsogolera alendo ndiye amalandira bwino pakati pa anchito, koma amayamba wakhoza mayeso obvuta a za nyama, mbalame, mitengo, cithandizo coyamba ndi kuyendetsa galimoto. Mwana wa m'cigwa amadziwa kale mapazi a nyama ndi kulira kwa mbalame. Cimene asowa ndi sukulu ndi Cingerezi. Makolo asamcotse pa sukulu, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, pakuti akazi nawonso alowa nchitoyi.

Cacitatu ndi kupatsa mlendo coona kunja kwa nkhalango. Anthu a mudzi wa Kawaza, kwa Nsefu, anayamba kulandira alendo m'mudzi mwao m'zaka za m'ma 1990, kuwaonetsa magule, kuphika nsima ndi sukulu yao. Ku Mfuwe kuli amai opanga nsalu za maluwa ndi ena osandutsa waya wa misampha kukhala zokometsera za m'khosi. Zinthu zotere ndizo zimaonjeza tsiku pa ulendo.

Cacinai ndi kufunsa. Msonkhano wa komiti ya Community Resources Board ukaitanidwa, pitani. Funsani kuti zinalowa zingati, zinagula ciani, ndipo risiti ili kuti. Kufunsa si mwano. Ndalamazo nza mudzi wonse.

Cotsiriza, ndipo cacikuru, ndi dziko. Malo a m'mphepete mwa mtsinje akwera mtengo cifukwa ca alendo. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti dziko la makolo lisinthidwe kukhala la pepala, la zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomereza. Malo otere akapita, kubweza kwake nkobvuta. Pasanasainidwe kanthu, anthu amve pabwalo kuti msasa udzalemba angati, udzalipira zingati caka ndi caka, ndiponso ngati njira ya kumadzi ndi ya kumanda idzatsala yotseguka.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Iye adzagona masiku ake owerengeka, nadzakwera ndeke kunka ku Likoma kapena ku Zanzibar, ndipo ncoyenera kuti apite ndi mbiri yabwino ya dziko lathu. Njobvu idzatsala, munda udzatsala, ndipo ana a m'cigwa adzatsala. Pangano la Mfumu Nsefu la 1950 linali lakuti wosunga nyama adyepo. Kuti panganolo ligwirebe nchito, pafunika alimi ogwirizana, makomiti osunga mabuku oongoka, ndi mafumu osafulumira kupereka dziko.